Mpando wa Kukhoma la Kummawa

Titaika Rabi Hershel, chipale chisanasungunuke,
akuluakulu a sunagoge anafika kwathu atatu,
zipewa zaubweya zili m'manja.
Anati: Leibush, mpando wa kukhoma la kummawa ukuzizira.
Ndinati: ine ndine fumbi ndi phulusa.
Mawuwo ndinali nditawayeserera usiku wonse
Dvoire, mkazi wanga, akusenda anyezi osatukula mutu.

Anabweranso Lachinayi. Ndinakananso,
maso pansi, mawu ofewa ngati buledi wa Sabata.
Ulendo wachitatu ndinkati ndigonje,
ndinapesa ndevu, ndinatsuka makapu a tiyi.
Sanabwere.
Analemba kalata ku Brody.

Tsono anafika Anshel pa ngolo ya akavalo awiri,
mnyamata wa ndevu zowerengeka,
mabuku mabokosi asanu ndi chifuwa chosatha.
Anamuuza kamodzi kokha: khalani apa.
Iye anangokhala,
ngati munthu wotopa amene waona benchi.

Ine ndinasamukira kukhomo, pafupi ndi mbaula,
pakati pa otunga madzi ndi osoka nsapato.
Ndinadzifunda nsalu ya pemphero mpaka kumutu
koma khutu ndinalisiya panja
kuti limve wina akunong'ona:
taonani Leibush, munthu wodzichepetsa.
Masabata asanu ndi awiri ndinawerenga makosi otembenuka.
Mpukutu wa Tora ukamadutsa ndinkaupsompsona
diso limodzi lili kwa Anshel,
kudikira kuti aphonye chilembo.

Madzulo a Tsiku la Chitetezo, makandulo akuyaka,
Getzel wotunga madzi anandigwira chigongono.
Manja ake anali ong'aluka ngati khungwa.
Anati: Rabi, musakwiye,
pamene mwakhalapo ndi pa malemu bambo anga.
Zaka makumi atatu ankapemphera pomwepo
chifukwa mwendo wawo unkafuna moto.
Kuyambira Pasika ndakhala ndikuimirira.

Ndinayang'ana thabwalo.
Linali lokumbika, losalala,
koma silinakumbidwe ndi ine.
Ngakhale kumbuyo kuli eni ake,
ndipo ine ndinali nditalanda
mpando wokhawo umene sunali kufuna mwini.

Ndinaimirira. Palibe anatembenuka.
Anshel anayamba pemphero, natsokomola pakati,
mpingo unamudikira, iye anapitiriza.
Sanaphonye chilembo.

Nditafika kunyumba ndinauza Dvoire zonse.
Anati: ndinkadziwa kuyambira pa anyezi paja.
Kenako anandikumbutsa kuti mkazi wamasiye Perl
wabwera kawiri ndi funso la nkhuku yake,
ngati fupa lothyoka laidetsa kapena ayi,
ndipo kawiri konse ndinali kusunagoge, kudzichepetsa.

Lipenga la nyanga litalira, kusala kutatha,
ndinapita kwa Perl mumdima, matope m'maondo.
Nkhukuyo anali ataitaya kale.
Ana ake anadya mbatata zokha.

Tsopano ndimakhala pakati,
mzere wachinayi, pansi pa denga lodontha.
Khutu lija likadali panja, sindinama.
Koma mvula ikagwa
ndine ndimasuntha ndowa.