Makadi M'thumba la Yotamu

Teremu yatha ndinawerenga ngati chinkhwe.
Masamba onse ndinawapaka utoto wachikasu,
buku n'kuwala kuposa mutu wanga.
Pepala litafika m'holo
mawu onse ndinawazindikira
monga umazindikirira nkhope pa msika wa Kapata
dzina litakuthawa.
Anandilembera 38, ndi inki yofiira.

Tsopano buku limatsala pansi pa pilo.
Ndinaduladula katoni ya sopo,
funso kutsogolo, yankho kumbuyo,
ndipo timakadito timagona m'thumba la malaya a Yotamu,
mlongo wanga wonyamula anthu pa njinga,
amene sukulu anaisiyira giredi seveni
chaka chimene atate anatisiya.

M'mawa pochoka ku Navutika
ine pa kaliyala, iye dzanja limodzi pa handulo:
"Sita... sitafilo... iwe Tionenji,
anthu amenewa maina anawathera?"
"Sitafilokokasi."
"Eya, komweko. Kamaoneka bwanji?"
Ndimatsinzina. Fumbi m'mano, belu likulira.
Timipira tounjikana
ngati masuku pa mulu wa faifi kwacha,
mtundu wake wa maluwa a jakaranda,
chifukwa khoma lake n'lochindikala,
likagwira utoto woyamba silitayanso.
"Nanga a khoma lopyapyala?"
Amasuluka, n'kusanduka ngati m'kati mwa gwafa.
"Wakhoza. Aka kapite thumba lakumanja,
mudzaonana Lachisanu."
Kamene kandigwetsa kamabwerera kumanzere,
mawa lomwe kandidikira pa mlatho wa Lunkhwakwa.

Magetsi akapita sindidandaulanso.
Ndimatenga khala la pa mbaula,
kuseri kwa chitseko n'kujambula ulendo wa malungo:
mlomo wa udzudzu, chiwindi, magazi,
magazi, udzudzu wina.
Kukacha ndimatsegula buku
kuona pamene ndadumpha.
Mabowo amenewo ndiwo ntchito yanga ya tsikulo.

Loweruka timakumana kwa Alinase ku Kalongwezi
ndi mapepala a mayeso a zaka zapitazo.
Foni pakati pa tebulo ikuwerenga mphindi,
palibe wotsokomola.
Ikalira timasinthana, timachongerana mopanda chisoni.
Khumbizeni anandidulapo malikisi awiri
chifukwa ndinaiwala kulemba kutentha kwa inkyubeta.
Sitinalankhulane mpaka pa siteshoni.
Madigiri 37 aja sindidzawaiwala mpaka kumanda.

Lachitatu lapitali, pa chikweza,
Yotamu anatsika, tikukankha njinga tonse.
Sanatulutse khadi.
"Mankhwala aja a chifuwa atate ankamwa,
bwanji ulendo wachiwiri anakana kugwira?"

Ndinali nalo yankho la m'buku, mizere inayi,
koma Chingelezi chinakana kutuluka.
Ndinati: mapiritsi amayamba kupha tofooka.
Munthu amadzuka, amanenepa,
amati ndachira, thonje likundidikira kumunda.
Totsala ndi touma mitu,
timaswana m'mapapo mwakachetechete,
ndipo ana ake mapiritsi aja amawaseka.

Tcheni chinkangoti tcheketcheke.
Tinadutsa azimayi a tomato, tinadutsa chigayo.
Pamwamba pa chikweza anati, "Kwera,"
ndipo mpaka pa geti sanafunse kanthu.
Tsiku limenelo ndinadziwa kuti mutuwo ndaumva:
ndinaunena m'chinenero chimene tinalirira.

Lero ndi tsiku lake.
Mabolopeni awiri, chiphaso, m'mimba mukubwadamuka.
Ndatambasula dzanja kuti andipatse makadi
ndiwaonenso komaliza.
Wagwira thumba lake.
"Amene analowa analowa. Pita."

Kumbuyo kwanga mayi wina wakwera ndi dengu la repu,
ndipo ndikumumva Yotamu akuyamba kupalasa:
"Mayi, chifuwa chimenecho mwakhala nacho masabata angati?"