Chaka cha Utsi

Basi ya alendo yafika ku Guarilihue dzuwa litakwera,
nsapato zawo zoyera ngati sizinapondepo dothi.
Ndayala matambula pansi pa mkuyu,
atatu pa munthu aliyense.
Ndine Maritza Quilodrán, ndikuwauza,
mundawu ndi wathu, ngongole zake ndi zathunso.
Akuseka.

Tambula yoyamba ndi ya chaka cha mvula.
Zunguzani pang'ono, musathamangire kumeza,
kuona maso a nkhono n'kudekha.
Ipendeketseni padzuwa muone kufiira kwake,
ngati chikhatho cha mwana chophimba tochi.
Mayi wa chipewa chachikulu akuti akumva zipatso zakuthengo.
Ine ndikumva thukuta la Canela, kavalo wathu,
amene amakoka khasu pakati pa mizere
poti thirakitala imatsendera nthaka
mpaka nyongolotsi kusowa podzera.

Yachiwiri ndi ya chilala.
Chaka chimenecho ndowa inkalira pamwala pansi pa chitsime.
Kuseri kwa phiri kampani inadzala bulugamu,
mizeremizere ngati asilikali,
akumwa usana ndi usiku osalipira.
Mlongo wanga Baltazar anati tiboole mjigo, tithirire.
Bambo Eliodoro anakana:
mpesa womwetsedwa pakamwa sutuma mizu kutali.
Anatha mwezi osadyera patebulo limodzi.
Mphesa zinabwera zazing'ono ngati nandolo,
khungu lokhuthala, madzi ochepa.
N'chifukwa chake vinyoyu wakugwirani lilime,
wakuumitsani nkhama ngati mwaluma nthochi yosapsa.
Mudikireni, amafewa mtima akafika pakhosi.

Wina akufunsa za mankhwala opopera.
Ndikumulozera nkhosa.
Zimatipalirira m'nyengo yozizira
n'kusiya manyowa ngati zikomo.
Makoko a mphesa timabwezera ku mizu imene inawabala,
madzi otsukira migolo amamwa ndi mitengo ya azitona,
ndipo kadzidzi wa kudenga sitimuponya mwala,
ndiye mlonda wathu wa mbewa, salandira malipiro.
Botolo ndi lopepuka, inde.
Galasi lolemera limangodyera lole mafuta.

Yachitatu ndimathira pang'ono,
dzanja limadziwa lokha.

Moto unatulukira m'bulugamu muja mu Febuluwale,
ukuthamanga kuposa galu.
Bambo ndi Baltazar, aja osalankhulana,
ananyika matumba m'ndowa imodzi,
wina kuitana mnzake ndi dzina laubwana.
Malawi anaima pa mkwasa umene Canela analima,
pa dothi lopanda udzu,
anangonyambita mpanda n'kutembenuka.
Koma utsi unagona pa mphesa masiku asanu ndi anayi
ngati mlendo wosadziwa kutsanzika.
Ogula ochokera ku Santiago analawa, kulavula,
nati tayani, musaipitse dzina.
Bambo anapukuta magalasi awo ndi malaya.
Chaka sichitayidwa, anatero.
Anamwalira vinyo akadali mumgolo,
chifuwa chikulira ngati chitseko chakale.

Lawani.

Mnyamata wa kamera akutsokomola.
Phulusa, akutero.
Inde, phulusa. Pitirizani, kuseri kwake kuli mphesa.
Ena akankhira tambula kutali mwaulemu.
Mayi wa chipewa wavula chipewa chake,
wasunga vinyo mkamwa nthawi yaitali
ndipo sanandiuze chimene wamva.

Basi ikuliza hutala.
Agula mabotolo khumi ndi awiri a mvula,
anayi a chilala,
limodzi la utsi.

Zotsalira m'matambula ndikuthira patsinde
la mpesa wa pakhomo, wokhota ngati bondo,
umene unaona zaka zana tisanabadwe.
Baltazar akubwera ndi Canela, matope m'ziboda.
Za mjigo sanazitchulenso,
ngakhale pepala la mtengo wake likadali m'thumba lake,
lopindidwa kanayi.
Wanyowetsa chala, wachikweza m'mwamba.
Mphepo yasintha, akutero.
Tonse tikuyang'ana kuphiri
kumene bulugamu waphukanso.