Mawu a Graciete Anakana Kuwoloka

Telmo, mnyamata wa m'sitolo ya pa Rua do Bonjardim,
anati, "Bambo Amândio, mphindi makumi awiri basi,
zonse ziwoloka."
Anagoneka mafoni awiriwo pathebulo, chingwe pakati,
ngati odwala opatsana magazi.

Palibe anandithamangitsa, ndinasamuka ndekha.
Ndinatopa ndi nyumba imene mwini wake
amakusankhira ngakhale makatani,
denga likadontha n'kukuuza kuti gula nyumba ina.
Zaka khumi ndi chimodzi ndikuchita lendi
m'thumba la buluku langa lomwe.

Zina zinawoloka ndithu:
manambala mazana atatu, theka a anthu amene ndinawaiwala,
zithunzi za mtsinje wa Douro utafunda nkhungu,
za mdzukulu wanga atadzola chokoleti mpaka m'makutu.
Koma masiku anasokonekera panjira,
ubatizo wa mwanayo tsopano ukubwera
pambuyo pa maliro a agogo ake, amene anamunyamula tsikulo.

Wotchi yapamkono, mphatso ya Leonor,
inakana kupereka moni kwa mlendo.
Kugunda kwa mtima wanga yasiya kuwerenga,
ikungonena nthawi, ngati wotchi wamba.
Masewera amene ndinalipira kale akuti ndilipirenso.
Mawu achinsinsi a kubanki anatsalira tsidya lija,
ndinaima pamzere Lachiwiri lonse, chiphaso m'manja,
kukatsimikizira mtsikana wa pawindo kuti ine ndine ine.
Ndipo chala changa, chitsiru chokhulupirika,
chikugogodabe pakona pamene palibenso khomo.

Leonor akuti, "Atate, mwatisokonezera gulu,
mavidiyo anu akufika ngati ajambulidwa pansi pa madzi.
Munasowa chiyani kwathu kuno?"
Kwathu, akutero mwana wanga,
akunena kampani.

Sindinama, kuno mpweya ulipo.
Zilembo ndazikuza ngati za pamphumi pa basi,
alendo onse amene sindinawaitane ndawatulutsa,
ndaika kapulogalamu ka mphunzitsi wina wa ku Braga
kondiuza nthawi imene nyanja iphwa,
osagwadira munthu, osapempha chilolezo.
Walira mvula walira matope, ndikudziwa,
koma matopewa ndi anga
ndipo ndikuwaponda ndi mapazi onse awiri.

Koma Graciete.

Mauthenga ake amawu, makumi anayi ndi asanu ndi awiri.
"Amândio, nsomba yamchere ija uiviike usiku, usaiwale."
"Amândio, adokotala akuti Lachinayi."
Wina ndi kuseka kokha, masekondi asanu ndi anayi,
chimene ankaseka sindichidziwa mpaka lero.
Telmo anayesa kawiri, anakanda m'mutu,
anati, "Awa anawatsekera m'chinenero cha uko.
Sawoloka, bambo."

Ndiye yakaleyo sindinaigulitse.
Ili m'dirowa pamodzi ndi magalasi ake ndi singano zake.
Lamlungu ndikachokera ku Misa ndimaipatsa moto
ndi chingwe chake chija chosalowa pena paliponse,
n'kukhala pamphepete pa bedi, chipewa chili kumutu,
mfulu ine, kudikira pakhomo la ndende
kuti andilole kuona wanga.

Batire latupa, galasi layamba kukanuka pakona.
Telmo akuti mwina chaka, mwina Khirisimasi yokha.

Dzulo ndinatenga yatsopano,
ndinaigunditsa ndi yakale, khutu pakamwa,
ndinajambula kuseka kuja kudzera mumpweya chabe,
njira yokhayo yopanda mlonda pachipata.
Mwalowa kulira kwa mbalame za kudoko,
mwalowa kutsokomola kwanga,
mwalowa mnansi wokoka mpando pamwamba pathu.
Mawu ake apyapyala, akumveka patali,
ngati ali kukhitchini, ine ndili pamasitepe.

Ndinamvera katatu.
Atsala makumi anayi ndi asanu ndi umodzi,
ndipo mnansi uja sagona msanga.