Pepala la Chaka Chachiwiri

Mnyamata wa m'sitolo pa Luchenza
anaisisita thanki ngati akunyengerera mwana,
nati: Achimwene, chaka choyamba galanti ndi yaulere,
koma chimene chimaluma ndi chachiwiri.
Onjezani nainte faifi sauzande,
muzigona tulo tosatembenuka.

M'thumba mwanga munali mutatsala mphepo.
Njingayo inali itameza kale
zaka ziwiri za tiyi amene Esinta anathyola
m'mame a ku Makwasa,
ndi nkhumba yathu yaikazi, ili ndi bere.

Ndinapempha pepalalo.
Ndinakaliwerengera pakhonde pa telala,
chala chikulondola timalemba
tating'ono ngati mazira a nsabwe.
Matayala, ayi. Tcheni, ayi.
Mabuleki ndi kilatchi, izo zimatha zokha.
Madzi akalowa mu injini, zanu zimenezo.
Mukasenzetsa katundu wopyola muyezo, zanunso.
Nanga njinga ya msewu wa Thekerani
inayamba yaudziwapo muyezo?
Mayi, mwana kumsana, mkoko wa nthochi,
thumba la nandolo pamiyendo,
mvula ikukuthira, matope mpaka m'mawondo.
Ndipo sevisi, akuti, izikhala ya kwa iwo okha.
A Mulekano a pansi pa mtengo wa mapeyala
akangoikhudza ndi sipanala,
pepala lafa.

Ndinalibweza.

Madzulo Esinta anatsuka chitini cha mkaka,
naboola chivundikiro ndi mpeni.
Faifi handiredi tsiku lililonse, anatero,
galanti yathu ndi imeneyi.

Khoromana, mnzanga wa pasiteji, iye analigula.
Analikutira m'pulasitiki ya shuga,
nalibisa m'Baibulo, pakati pa Yobu ndi Masalimo.
Tinamuseka chaka chathunthu.
Mwezi wa khumi ndi chinayi, pachitunda,
injini yake inatsokomola kawiri,
inagogoda kamodzi,
zii.
Anaikweza palole kunka nayo ku Limbe.
Anamuikira ina yatsopano, osalipira olo tambala.
Koma masabata asanu ndi awiri
ankangouzidwa kuti sipeya ili m'njira,
ili m'njira,
iye akuyenda wapansi, chipewa cha njinga m'manja,
makasitomala ake akukwera kwa ine.
Lero akamayerekeza zimene anapulumutsa amaseka,
akakumbuka ngongole ya lendi amasiya.

Yanga yadya tcheni kawiri,
tayala lakumbuyo, ndi nyale imene inathyoka
tsiku limene galu anandidutsa pa Goliati.
Zonsezo pepala likanangondiyang'ana.
Chitini chinalipira.
Chinalipiranso usiku umene Tamandani anatentha thupi,
pepala silikanaidziwa njira ya kuchipatala.
Chinagula nsalu pamaliro a apongozi.
Chinagula feteleza theka la thumba.
Vuto la chitini ndi lomwelo:
chimamva kulira kwa aliyense.
Pepala lili ndi khutu limodzi,
limangomvera injini.

Dzulo ndinachigwedeza.
Munalira tindalama tiwiri tachitsulo.

Ndiye m'mawa uno, chiperoni chitaphimba minda ya tiyi,
ndikutsetsereka ndi mphunzitsi wochedwa kusukulu,
ndamva kanthu pansi pa thanki,
tiki, tiki, tiki,
ngati chiswe m'denga.
Ndaima. Ndazimitsa. Ndagwada m'matope
kutchera khutu pachitsulo chotentha.
Mwina ndi nati yomasuka.
Mwina ndi chija chinagwira Khoromana.
Mwezi uno ndi wa khumi ndi chisanu ndi chinayi.

Iye wadutsa pomwepo, hutala pipii,
dzanja limodzi m'mwamba.
Sindinadziwe ngati ndi moni
kapena akundikumbutsa.

Mphunzitsi wayang'ana wotchi.
Bwanji kodi, tipita?

Ndapukuta manja pa buluku,
ndaponda kiki.
Yalira.
Tipita, aphunzitsi, gwiritsitsani,
koma musandiyankhule m'njiramu.
Pali chimene ndikumvetsera.