Bikoni Yachinayi

Ntchito yanga ndi kulemba zimene anena,
osati zimene ndikuganiza.
Lachiwiri lija, m'chipinda cha khonsolo pa Nsanje,
fani itaima poti magetsi anali atapita,
ndinalemba pamwamba pa tsamba:
Nkhani yachitatu, malo a m'mbali mwa Shire, puloti folotini.

Bambo Alufandika a zachuma anaimirira,
malaya atamatirira kumsana.
Tigulitse, anatero. M'bokosi muli mbee.
Osesa mumsika sanalandire chiyambire Okutobala,
thalakitala yotola zinyalala yakhalira njerwa zaka ziwiri.
Wogula alipo, wa ku Limbe,
akufuna kumangapo nyumba yogona alendo,
ndipo ndalama yake siyenda pansi.
Ndinalemba: kugulitsa.

Mayi Nyamazawo sanaimirire, bondo linkawavuta.
Wogulitsa mbuzi amadya mwezi umodzi, anatero,
kenako amangoyang'ana chingwe.
Tibwereketse pa lendi, zaka makumi atatu,
kangachepe kazigwa chaka ndi chaka
malowo akadali m'buku lathu.
Wina kumbuyo anafunsa:
pokwana zakazo, ndani mwa ife
adzakhale akadali ndi mano okawalandira?
Anthu anaseka. Kuseka sindilemba.

Za kusunga nazo zinanenedwa,
koma motsitsa mawu,
ngati wopempha mchere kwa mnansi amene anayambana naye dzulo.
Tisunge kuti titani nawo?
Funsolo linatsala patebulo
pamodzi ndi mabotolo a madzi ofunda.

Ndipamene anaitana Zuze Chapepa, woyeza malo,
nsapato zake zisanaume.
Anayala mapu, nkutsamiza foni pangodya imene inkapindika.
Pepalali likuti mahekitala asanu ndi anayi, anatero,
bikoni zinayi.
Ziwiri ndazipeza.
Yachitatu ili m'bango, ng'ona ikuwothera dzuwa pambali pake,
tepi yanga sinafikeko.
Yachinayi,
apa anadzikanda m'mutu ndi pensulo,
yachinayi asodzi akuti imawang'ambira maukonde
pakati pa mtsinje, ukamaloza ku Mozambiki.

Kunja kunadutsa wakabaza akuliza belu.
Tonse tinamumva mpaka anakhota.

Malowo ine ndimawadziwa ndi mapazi.
Pamenepo ndi pomwe Fombe amamangirira bwato lake,
pomwe ng'ombe zinaboola njira yotsikira kukamwa,
pomwe amayi anga ali ndi mizere makumi awiri ndi theka
ya chimanga cha kudimba, ndi mbatata m'mphepete.
Pepala alibe.
Amangodziwa kuti Febuluwale akafika Shire amatenga,
osalembera kalata wapampando,
ndipo Meyi amabweza
atasiya lendi yake:
matope akuda ofika m'mawondo,
namasupuni wouma, nthawi zina mlamba wotsalira m'chithaphwi.
Zaka zina sabweza zonse.
Amadula kachigawo nkupita nako,
osauza munthu mtengo wake.

Izi sindinalembe.

Wapampando anayang'ana wotchi.
Anagwirizana kuti nkhaniyi ipite ku komiti,
kuti Chapepa akayezenso madzi akadzaphwa,
kuti wa ku Limbe auzidwe ayembekeze.
Pa mndandanda wa osabwera osapepesa
cholembera changa chinaima kanthawi.
Panali dzina limodzi loti ndiikepo,
la mwini nkhani amene sitinamuitane,
koma fomuyo imafuna udindo ndi siginecha.

Madzulo ndinawapeza amayi pakhonde
akutonola chimanga chomaliza cha chaka,
fumbi la zitsononkho lili m'tsitsi.
Agwirizana zotani? anafunsa osadzutsa mutu.
Akuti ayezanso, ndinayankha.
Anapeta kawiri, katatu,
mankhusu nkuulukira kumene kuli mtsinje.
Ukawauze afulumire, anatero.
Obwera ku Chiromo akuti Ruo wayamba kufiira.