Kandulo Yotsala

Mayi Leokadia akuti lero kwawo masamba ayoyoka,
akuti ukapuma mpweya umaoneka ngati utsi.
Kuno ku Joni thukuta lili kamukamu,
jakaranda wamwaza maluwa mumsewu wonse wa ku Emmarentia
ndipo matayala a njinga yawo akuwaponda, phwa, phwa.

Wokankha ndine, chaka chachinayi chino.
Pa 1 Novembala phala salilabadira.
Amadzuka kusanayere kuwerenga makandulo
a m'timabotolo tofiira, asanu ndi awiri,
n'kundituma maluwa achikasu aja.
Ena onse, ati, ndi a paukwati.

Kwathu ku Bembeke kumanda n'kwa adzukulu.
Sulowako wamba, sulozako chala,
ukachokako umasamba usanagwire mwana.
Chaka choyamba ndinaima pachipata cha Westpark
miyendo itakana,
iwo n'kucheuka: Fatsani, akufa saluma.
Amangomva kuzizira.

Lero ndagwada ndi burashi ndi ndowa
kukwecha ndere pa dzina la amuna awo,
zilembo za michira ndi timizere
zimene lilime langa limapunthwapo.
Kandulo imodzi ya bamboyo.
Imodzi ya khanda limene silinathe sabata.
Anayi amawaika pamodzi pakona, pasimenti yopanda dzina:
amayi awo, abambo awo, alongo awiri,
onse anatsala m'chisanu kutali uko
sitima yapamadzi isanadzatole ana amasiye
kukawatula ku Oudtshoorn.
Dzenje lake sakulidziwa.
Akuti moto umadziwa njira.

Yotsalayo chaka chilichonse amapatsa manda osayenderedwa,
alionse amene udzu wawameza.
Lero aifumbata pamiyendo nthawi yaitali.
Iwe ulibe wako muno?

Ndinati ndilibe.
Kenaka pakamwa panandigulitsa.
Agogo anga aamuna, a Sandalamu, anapita ndi Wenela
bambo anga akadali kumsana.
Anatumiza bulangeti limodzi
ndi chithunzi atapendeketsa chipewa. Basi.
Kwathu timangoti anatchona.
Kaya anakwatira kuno, kaya mgodi unatseka pakamwa.
Sitinamete, sitinafulule mowa,
anangotsala panjira
ngati chikwama cha pa Park Station chosowa mwini.

Anandipatsa machesi.
Mphepo ya mvula inali itayamba kale,
timitengo titatu tinazima,
kachinayi ndinakatchinga ndi chikhatho
ngati ndagwira mwanapiye.
Ndinaika kanduloyo patsinde pa bulugamu.
Nanga ndikanaiika pati?

Madzulo kutchalitchi kwawo wansembe anatenga timapepala.
Maina okhaokha, ola lathunthu,
kaundula wa kusukulu wopanda woyankha kuti ndilipo.
Ine ndinali kumbuyo pafupi ndi khomo,
mtima uli pa lendi ndi pepala langa lokhalira lotha ntchito.
Bambo mfumuyo anaima, nayandikiza pepala kumaso,
naliyesa kawiri, nalithyola pakati:
Sanda. Lamu.
Analemba okha mayi aja, ndi dzanja lawo lonjenjemera,
sindikudziwa nthawi yanji.
Tchalitchi chonse chinayankha m'chilankhulo chawo
kumupemphera mpumulo munthu wa ku Dedza
amene sanamuonepo,
amene inenso sindinamuonepo.
Ndinayang'ana nsapato zanga.

Usiku uno, ati, mizimu imabwera kudzaona kwawo.
Amasiya buledi patebulo, mpando wokokedwa pang'ono,
zenera lakukhitchini losatseka.
Mzinda uno zenera sasiya chotsegula,
muli zitsulo, muli waya wamagetsi pampanda,
galu wa aneba sagona.
Zaka zitatu ndakhala ndikudikira agone
n'kubwerera chozemba kudzatseka.

Lero ndawapatsa mankhwala, ndawafunditsa,
mvula yayamba kugunda malata a kagalaja.
Ndaima m'khitchini ndi mpeni m'manja.
Zenera ndalisiya.
Ndadula chigawo china chochindikala,
ndaika kamchere pambali,
tiyi wa masupuni atatu a shuga,
poti munthu wochokera kumgodi
amafika ndi njala.