Pijo ya Atate ku Kapata

Loko wachita dzimbiri, tachita kuthyola.
M'katimo, kuseri kwa matumba a mtedza wofumbwa,
Pijo ya atate ili chikhalire pa njerwa,
fumbi la zaka makumi atatu lili mbuu pamsana.

Mavu amanga pagalasi loonera kumbuyo.
Makoswe aswana pampando
pomwe amayi ankakhala atafukata nkhuku
pa ulendo wa ku Katete.
M'kabokosi kakutsogolo muli lisiti la petulo
ndi chipeso chothothoka mano, imvi zikadalimo.

Wogula wachokera ku Lusaka, nsapato zili mbee.
Akugogoda chitseko ndi chala ngati akusankha chivwende,
akuti zotere masiku ano n'zosowa.
Akufunsa makilomita.
Manambala anaima kalekale, bambo,
tikutsetsereka ku Luangwa, mabuleki akununkha.

Mlongo wanga Tisauke akuwerenga ndalama kachiwiri,
malovu pachala. Sakundiyang'ana.

Lole yonyamula yaima kumsewu, njira yachepa.
Ndiye tamanga matayala obwereka,
tagwira kumbuyo, ine ndi Tisauke,
malo athu akale a m'mawa wa chisanu,
ndipo ndikukankha, khutu lili tcheru
kuti wina kutsogoloko akuwe:
Limbikani ana inu, ilira tsopano!